AI ilembe kalata, koma mtengo ukafunsidwe pamsika

Pa Bembeke ndi pa Chimbiya, m'mbali mwa msewu wa M1 ku Dedza, mtengo wa ndowa ya mbatatesi suchedwa kusintha. Ogula a ku Lilongwe akachuluka umakwera, mbatatesi ikasefukira umagwa. Wamalonda amene ali ndi foni ya intaneti tsopano ali ndi mlembi m'thumba, koma mlembiyo sanapondeko pamsika.

Mlembiyu ndi makina a AI oyankha mafunso. ChatGPT idatuluka mu Novembala 2022, ndipo Meta AI idayamba kupezeka pa WhatsApp kuno ku Malawi mu Epulo 2024. Palinso Ulangizi, ya bungwe la Opportunity International, yomwe imayankha mafunso a ulimi m'Chichewa pa WhatsApp.

Makinawa amathandiza kwambiri pa zolembalemba. Wofuna kugulitsa mbatatesi kusukulu yogonera pompo kapena kumalo odyera akhoza kuwauza dzina la bizinesi, kuchuluka kwa matumba, mtengo ndi tsiku loperekera katundu. Kalata ya Chingerezi imatuluka nthawi yomweyo. Chichewa chake ndicho chimapunduka, choncho mwini malonda awerenge kaye asanatumize.

Amalembanso timalamulo towerengetsera ndalama mu Excel kapena Google Sheets. Apa ndi pofunika kusamala, chifukwa amawerengetsa zokhazo zimene auzidwa. Mwachitsanzo, wooda matumba 20 akapanda kutchula thiransipoti, aganyu okweza katundu, chiphaso cha msika ndi matumba awiri amene awola, makina amuonetsa phindu lomwe m'thumba mulibe. Njira yabwino ndi kuyesa lamulolo ndi malonda a sabata yatha, omwe zotsatira zake zili kale m'kope. Zikasiyana, lamulo likonzedwe.

Pa mitengo ya lero makinawa ndi mlendo. Akafunsidwa amatha kupeka nambala, n'kuinena molimba mtima ngati yoona. Kungoyambira mu Novembala 2023, pomwe kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti, mitengo yakhala ikuthamanga kusiya zomwe zidalembedwa kale. Woodetsa katundu pa mtengo wa makina akhoza kudya mpamba.

China chofunika: nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba, ngakhalenso mayina a makasitomala angongole, zisalembedwe m'makinamo.

Kalata alembe makina, masamu atsimikize kope, mtengo aimbiridwe mnzake amene ali pamsika m'mawa womwewo.