Puloteni ya PD-L1 ndi Tsogolo la Wodwala Khansa ya M'chifu

Chitetezo cha m'thupi chili ndi mabuleki ake, omwe ndi mapuloteni oletsa asilikali a m'magazi, otchedwa maselo a T, kuti asamalimbane ndi ziwalo za thupi lomwe akuliteteza. Imodzi mwa mapuloteniwa ndi PD-1, imene Tasuku Honjo anaitulukira ku Kyoto mu 1992, ndipo ntchitoyi inam'pezetsa mphoto ya Nobel mu 2018 limodzi ndi James Allison. Chomvetsa chisoni n'chakuti maselo ena a khansa ya m'chifu amadzikuta ndi puloteni ya PD-L1, yomwe ikakhudzana ndi PD-1 imafooketsa asilikaliwo, chotupa n'kumakula popanda chochiletsa.

N'chifukwa chake madokotala amadula kachidutswa ka chotupa, n'kukapaka mankhwala oonetsa PD-L1, kenako amawerenga maselo amene ali ndi puloteniyo powayerekeza ndi maselo onse a khansa, ndipo chiwerengero chotulukacho chimatchedwa CPS. Pachokha chiwerengerochi sichilosera bwino kutalika kwa moyo wa wodwala, pakuti akafukufuku ena apeza kuti PD-L1 yochuluka imayendera limodzi ndi imfa yofulumira pamene ena apeza zosiyana.

Phindu lake lenileni limaonekera posankha mankhwala. Pa kafukufuku wa CheckMate 649, wofalitsidwa mu 2021, mwa odwala a CPS ya 5 kapena kuposerapo amene analandira chemotherapy pamodzi ndi nivolumab, mankhwala otseka PD-1, theka linakhala ndi moyo kupitirira miyezi 14.4, pamene kwa olandira chemotherapy yokha malirewo anali miyezi 11.1, kusiyana kosayenera kupeputsidwa popeza onsewo anali ndi khansa yomwe inali itafika patali.