Ndadziŵa-kale Saona Kuti Khomo Palibe

Makolo athu adasiya mwambi wakuti Ndadziŵa-kale adamanga nyumba yopanda khomo. Tikaumva timaseka, poganiza kuti munthuyo adali wonyada chabe. Lero tifunse funso lina: pamene iye ankazika mitengo ndi kumata dothi, kodi ankaona kuti khomo palibe? Akatswiri ofufuza za maganizo a munthu akuti munthu wotere kaŵirikaŵiri saona konse, ndipo akamati "ndidziŵa" sakunama ayi. Akunena zimene akhulupirira mumtima.

M'chaka cha 1999, David Dunning ndi Justin Kruger a pa Yunivesite ya Cornell ku America adapatsa ophunzira mayeso a galamala ya Chingerezi, a kaganizidwe kolondola, ndi a kuzindikira nthabwala yabwino. Atatha kulemba, aliyense adafunsidwa kuti anene yekha malo amene ali pakati pa anzake. Tiyerekeze kuti ophunzira 100 aima pamzere. Amene adalephera kwambiri adali oposa anzawo 12 okha, koma iwo ankadziyesa oposa anzawo 62. Amene adakhoza kwambiri adadzichepetsa pang'ono, poganiza kuti chimene chidali chapafupi kwa iwo chidali chapafupi kwa onse.

Aŵiriwo adalongosola motere: nzeru zofunika pochita chinthu ndi zomwezonso zofunika poona ngati wachichita bwino. Mphunzitsi aliyense amamdziŵa mwana wotuluka m'mayeso a masamu akumwetulira, nati wakhoza zonse. Mwanayo alibe muyeso m'mutu woyesera ntchito yake. Dunning ndi Kruger ataphunzitsa ena mwa olepherawo kwa kanthaŵi kochepa, iwo adayamba kuona okha pamene adalakwa.

Tisaitenge nkhaniyi ngati chikwapu chokwapulira osaphunzira. Akatswiri ena pambuyo pake adaonetsa kuti gawo lina la zotsatirazi limabwera chifukwa cha masamu chabe: munthu amene ali kumapeto kwenikweni kwa mzere akaphonya podziyesa, sangaphonyere kwina koma kutsogolo. Chimene chatsala chosatsutsika nchakuti ambiri a ife, ophunzira ndi osaphunzira omwe, timadziika pamwamba pang'ono pa anzathu. M'chaka cha 1981, Ola Svenson adafunsa ophunzira odziŵa kuyendetsa galimoto za luso lawo. Mwa 100 alionse, 93 ku America ndi 69 ku Sweden adati ali m'theka la madalaivala abwino koposa. Theka lotha kuloŵamo anthu 93 mwa 100 silidaonekepo.

Tsono tibwere nayo kwathu kuno, kumapiri a Dedza. Amene adatsikapo mseu wa Khwekhwerere, wochoka pa Masasa kupita ku Golomoti, amadziŵa kukhotakhota kwake, ndi kuti galimoto imatsika mamita pafupifupi 1,000 isanafike kuchigwa cha kunyanja. Dalaivala wodziŵa amatsika ndi giya yoyamba kapena yachiŵiri, kuti injini izigwira galimoto. Mnzake amatsika atangoponda buleki njira yonse. Buleki ikapondedwa kosalekeza imatentha, ndipo ikatentha kwambiri imaleka kugwira. Koma siileka tsiku lililonse. Munthuyo angatsike maulendo makumi aŵiri bwinobwino, ndipo ulendo uliwonse umamuuza bodza lakuti ndi katswiri. Mseu sulankhula kufikira tsiku limene lole yadzaza matumba kuposa masiku onse, ndipo tsiku limenelo phunziro limadula miyoyo ya amene adakwera pamwamba pa katundu.

Mlimi wa mbatatesi ku Bembeke ali ndi vuto lina. Yankho la ntchito yake limafika patapita miyezi itatu kapena inayi, ndipo likafika limapeza zifukwa zambiri zikudikira. Mvula idachuluka, feteleza adachedwa, nkhungu idabweretsa chiwawu. Zina mwa izo nzoona ndithu, pakuti chiwawu chimakonda nyengo yozizira ndi yachinyezi ya kumapiri kuno. Koma mbeu yobwerezabwereza chaka ndi chaka imasenza matenda osaoneka ndi maso, ndipo zokolola zimatsika pang'onopang'ono, kotero kuti palibe chaka chimene mwini munda angaloze nkuti apa ndipo ndidalakwa. Mlangizi akanena, amayankhidwa kuti, "Mwana iwe, ine ndidayamba kulima mbatatesi usanabadwe." Zaka nzambiridi. Ine ndiona kuti zaka zopanda wokudzudzula zimakulitsa chikhulupiriro msanga kuposa luso.

Yerekezani ndi mayi woumba mbiya. Dothi akaliponda mosasamala, mbiya imasweka pamoto iye akuona, ndipo palibe mvula yoinamizira. Nchifukwa chake woumba sachedwa kudziŵa pamene luso lake lalekezera. Zofanana ndi izi zidapezeka ku America m'zaka za m'ma 1970 pakati pa olosera zanyengo: akati mpata wa mvula ndi magawo 70 mwa 100, mvula inkagwadi pafupifupi masiku 70 mwa masiku 100 otere. Sikuti adali ofatsa mtima kuposa anzawo ayi. Ankayankhidwa maŵa lake lomwe, tsiku ndi tsiku.

Yankho lotere mlimi angathe kudzipangira yekha. Abzale mizere iŵiri ya mbeu yake yakale, ndi mizere iŵiri ya mbeu yatsopano yovomerezedwa ndi alangizi, m'munda umodzi, tsiku limodzi, feteleza wofanana. Asanakumbe, alembe papepala chiŵerengero cha ndowa zimene akuganiza kuti zituluka mbali iliyonse, pepalalo alisungitse kwa amayi a kunyumba. Pokumba, aŵerenge ndowazo mayiwo.