Mzere woyera wa pa chipewa: umachokera kuti, nanga tiuthetsa bwanji?

Wolemba: mnzanu wa Fomu 2

Anzanga, musanathamangire nkhani za mpira m'munsimu, taimani kaye. Amene muli ndi kapusi m'chikwama, ndikudziwa mumaibisa ahedi akamadutsa, itulutseni muione kutsogolo, pamene imagunda chipumi. Pali kamzere koyera kokhotakhota, eti? Ena kanu kasanduka kachikasu, ndipo fungo lake tisalitchule pano.

Yanga ndinagula pa kaunjika ku Migowi mu August, tisanatsegulire sukulu. Pofika October inali itachita kale mzere. Koma agogo anga aamuna ali ndi chipewa chimene anabwera nacho kuchokera ku Joni, nthawi imene anapita ku migodi pa Theba. Amalawi anasiya kutengedwa pa Theba mu 1988, ndiye werengani nokha zaka zake. Amachivala ku tchalitchi, ku maliro ndi ku bwalo la amfumu, dzuwa likuswa mtengo, koma kunja kwake kulibe mzere ngakhale umodzi. Kodi agogo satuluka thukuta? Amatuluka ndithu, ine ndimawaona akupukuta ndi kansalu.

Mwina ndikanangodabwa n'kusiya, koma panali china. Kumudzi kwathu kuli mwana wina wa khungu lachialubino, ali ku pulayimale. Kwa iye chipewa si chotchenera. Khungu lake lilibe melanin wokwanira, uja amatiteteza ku dzuwa, ndiye limapsa msanga, ndipo kupsa kwa zaka zambiri kumabweretsa khansa ya pakhungu. N'chifukwa chake achipatala amati azivala chipewa chachikulu chophimba makutu ndi khosi tsiku lililonse. Iye ali nacho chimodzi basi. Chitachita mzere n'kuyamba kanunkhidwe, anzake anayamba kumuseka, iye n'kumachisiya m'chikwama akangotuluka pakhomo. Mayi ake akachichapa m'mawa, tsiku limenelo amayenda mutu uli pamtunda. Apa m'pamene ndinati nkhaniyi ndiifufuze bwinobwino.

Tiyambe ndi thukutalo. Thukuta pafupifupi lonse ndi madzi, magawo 99 pa 100. Kotsalako kwambiri ndi mchere, n'chifukwa chake likalowa m'maso limawawa. Thupi limalitulutsa dala kuti lizizire, pakuti madzi akamauma pakhungu amachoka ndi kutentha. Ndi mmene mtsuko wadothi umaziziritsira madzi akumwa: umachita ngati ukutuluka thukuta kunja, mkati madzi ali zii. Munthu amene akulima kukutentha angathe kutulutsa lita yathunthu pa ola limodzi, ndipo pachipumi ndi malo amodzi amene limatuluka kwambiri. Choncho amene akuganiza zoletsa thukuta aiwale. Silingaletsedwe, ndipo kuliletsa n'kudzipweteka.

Vuto ndi loti madzi amauluka koma mchere suuluka. Mukukumbuka ku Fomu 1 tinawiritsa madzi amchere mpaka kuphwa, pansi n'kutsala zoyera? Kapena taganizani nyanja ya Chilwa pafupi pathupa. Mitsinje monga Phalombe ndi Sombani imathira m'menemo, koma palibe mtsinje wotulutsa madzi. Amachoka ndi dzuwa basi, mchere n'kumatsala, n'chifukwa chake madzi ake amamveka kamchere, makamaka nyanja ikamaphwa ngati mu 1995 ndi 2018. Kapusi yanu ndi ka Chilwa kakang'ono. Lolemba mwathiramo thukuta, lauma, mchere watsala. Lachiwiri chimodzimodzi. Pakutha mwezi mwaunjika mchere wooneka ndi maso.

Nanga bwanji mzerewo umakhala pamwamba, pomwe chipumi sichifika? Apa ndinakakumbuka phunziro la Agriculture, la capillarity, lija tinaona madzi akukwera okha m'dothi, m'makande n'kufika patali kuposa mumchenga. Ngati tsiku limenelo munajomba, onani koloboyi. Parafini ali pansi m'botolo, moto uli pamwamba, koma kansalu kaja kamakoka parafini mpaka kufika pamoto. Nsalu ya chipewa imachitanso zomwezo. Timipata ta pakati pa ulusi timakoka thukuta kukwera nalo m'mwamba, ndipo pamene lalekezera n'kuuma ndi pomwe pamalembeka mzere. Ukakhala wokhotakhota ndiye kuti thukuta silinakwere mofanana paliponse.

Zachikasu ndi zakuda zija ndi nkhani ina. Amenewo ndi mafuta, ena otuluka m'khungu, ena ndi Vaseline amene timadzola m'mawa. Mafuta amagwira fumbi la m'njira, ndipo fumbi la kuno nthawi ya chilimwe nonse mukulidziwa. Mchere umachoka ndi madzi okha, koma mafuta amafuna sopo. Fungo nalo si la thukuta lenilenilo, ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timadya mafutawo pamalo ponyowa.

Tsopano chinsinsi cha agogo. Tsiku lina ndinawapempha kuti ndione mkati mwa chipewa chawo. Anandiyang'ana kaye, kenako anati, "Usambe m'manja." Mkatimo muli lamba wachikopa chofewa, mulifupi mwake ngati zala ziwiri, wozungulira mutu wonse. Anamusoka m'munsi mokha. M'mwamba ndi womasuka, mungathe kumutembenuzira kunja. Chikopacho n'chakuda bii ndi thukuta la zaka zonsezi, kusonyeza kuti ndi chimene chakhala chikulandira nkhonya m'malo mwa chipewa. Chikopa chimamwa chinyezi pang'ono koma sichichipereka msanga kuseri kwake ngati nsalu, komanso n'chosalala, umangopukuta. Pamwamba pake pali kansalu konyezimira kotchinga mafuta a m'tsitsi. Agogo akafika kunyumba amatembenuza lambayo, n'kuika chipewa chagada pamthunzi kuti chiume. Ine ndinkayesa ndi mwambo wa achikulire chabe, kumene ndi sayansi. Nzeru imeneyi ndi yakale. Kampani ya Stetson ya ku America, imene inayamba kupanga zipewa mu 1865, mpaka lero imaika lamba wachikopa m'zipewa zake zambiri.

Ife chikopa chofewa chotero tichipeza kuti? Chikopa cha mbuzi choyanika pakhomo chimauma gwa, chingakupaleni chipumi. Ndiye ndinayamba kuyesa ndi zimene zilipo, pa kapusi yanga yomwe, poti inali itaonongeka kale.

Poyamba ndinaganiza zachidule: ngati vuto ndi madzi, ndiike pulasitiki. Ndinadula pepala la shuga n'kulizunguliza mkati. Zoona, kapusi sinanyowe. Koma ndisanafike n'komwe pa mlatho thukuta linali likutsikira m'maso ngati ndikulira maliro, ndipo patatha masiku atatu pachipumi panatuluka tizilonda toyabwa. Pulasitiki imatchinga koma simamwa, ndiye thukuta limasowa kolowera. Musayese, ndakuyeserani kale.

Kachiwiri ndinatenga kachidutswa ka chitenje chakale cha amayi. Thonje limamwa madzi bwino kwambiri, ndipo pachipumi panali bwinobwino. Ndinachisoka mothinana, m'munsi ndi m'mwamba, singano ikuboola mpaka kunja, kuti chisagwe. Patatha sabata ndinaona zodabwitsa: kunja kwa kapusi kunatuluka timadontho toyera tondondozana, ndendende pamene panadutsa ulusi. Ndinakhala pansi n'kuseka ndekha. Ulusi uliwonse unasanduka kansalu ka koloboyi, kukoka thukuta kuchokera mkati kupita kunja. Komanso chitenjecho chikakhuta chinkangopatsira nsalu ya kapusi imene chagundana nayo. Pamenepa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chimene lamba wa agogo anamusokera m'munsi mokha.

Ndiye lamba wabwino akufunika zinthu zitatu pamodzi. Mbali yogunda khungu imwe thukuta. Mbali yogunda chipewa itchinge. Ndipo lambayo azichoka kuti achapidwe payekha, pakuti mchere uja sutha, umangosintha pokhala. Tikufuna ukhale pa kanthu kochapika madzulo n'kuuma pofika m'mawa.

Chotchingira chabwino chimene ndinapeza ndi nsalu ya ambulera yothyoka. Pafupifupi nyumba iliyonse ili nayo ina imene mphepo ya dzinja inaipinda. Nsalu yake siilola madzi kudutsa msanga, ndi yopepuka, sichita phokoso ngati pepala la shuga, ndipo singano imalowa bwino.

Kapangidwe kake ndi aka. Yezani mutu ndi chingwe, kudutsa pachipumi ndi pamwamba pa makutu, kenako muyeze chingwecho pa rula. Akuluakulu ambiri zimakhala pakati pa masentimita 54 ndi 60, ana zimachepera. Onjezerani masentimita 2 a polumikizira. Dulani nsalu yathonje yotalika choncho, mulifupi masentimita 8, muipinde pawiri kuti ikhale masentimita 4. Malaya akale a thonje kapena chitenje chochapidwa kambirimbiri ndiye zabwino. Chitenje chatsopano ayi, chimakhala cholimba, sichimwa bwino, ndipo china chimasuluka n'kukusiyani ndi chipumi chobiriwira. Samalaninso ndi zitenje zoterera zija zotchipa, zambiri ndi poliyesita. Kuti mudziwe, dontheza madzi: pa thonje amalowa nthawi yomweyo, pa poliyesita amayamba ayenda kaye pamwamba.

Kenako dulani nsalu ya ambulera yotalika chimodzimodzi, koma mulifupi masentimita 6. Apa ndi pofunika kwambiri, musafulumire. Ya ambulera iyenera kuposa yathonje, kuti muipindire m'mwamba ndi m'munsi, ivindikire milomo ya thonje ndi sentimita imodzi mbali iliyonse. Mukapanda kutero thukuta likwera thonje lonse, lifika kumapeto, n'kudumphira pa chipewa ngati mbuzi yopeza mpata pa mpanda. Sokani ziwirizi pamodzi m'mphepete, chipewa chili patali. Ulusi ukhale wa poliyesita, umene matelala ambiri amagwiritsa ntchito, poti sumwa madzi ngati wathonje.

Pomangirira pa chipewa musasoke kuzungulira. Kapusi zambiri zili kale ndi kalamba kake kopyapyala mkati, ndiye gwirizani lamba wanu pa kameneko, malo anayi okha: kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali. Singano isatulukire kunja. Ine ndinaika timabatani tinayi tating'ono ta malaya akale a yunifolomu, ndi timabowo pa lamba, koma lakutsogolo linkandidinda pachipumi mpaka ndinalisunthira pambali. Ngati mabatani akuvutani, sokani mfundo ziwiriziwiri zosavuta kudula ndi lezala. Mapini ayi, makamaka pa chipewa cha mwana. Dziwaninso kuti lamba amachepetsa chipewa. Ngati chinali chothina kale, thonje likhale limodzi osapinda, apo ayi mutu uzikuwawani ndipo thukuta lichuluka.

Zipewa za mlaza, zimene amavala alimi a mpunga ndi asodzi a ku Chilwa, zili ndi ubwino woti mphepo imadutsa m'mipata. Komabe taonani chakale chilichonse: chimayamba kuda ndi kuthetheka pozungulira mutu pomwepo, pamene mlaza umanyowa n'kuuma tsiku ndi tsiku. Oluka ambiri saikamo kanthu mkati, mwina poopa kukweza mtengo. Ine ndikuona ngati akulakwitsa, chifukwa kachidutswa ka nsalu n'kotchipa kuposa chipewa chatsopano, ndipo mlaza wopanda nsalu umakanda. Pa chipewa chotere lamba amamangika mosavuta, ulusi umangokoleka pa mlaza wa mkati.

Nanga chipewa chimene chachita kale mzere? Musachikhutize m'beseni n'kuchipikitsa ngati sokosi. Kapusi zina zili ndi katoni mu kakhonde kakutsogolo kaja, ikanyowa imapindika osabwereranso. Tengani madzi ozizira ndi mswachi wakale, nyowetsani pamzerepo, tsukani pang'onopang'ono, mchere usungunuka. Pachikasu pakani sopo pang'ono, dikirani kanthawi, tsukuluzani bwino. Jik musayandikize, adya mtundu. Poyanika vekani chipewacho pa mphika wovundikira kapena pa chipanda kuti chisapotoke, ndipo pakhale pamthunzi. Cha ubweya ngati cha agogo chisalowe m'madzi n'komwe, chimafota. Chimenecho n'chopukuta ndi kansalu konyowa pang'ono basi.

Ndisakunamizeni, lamba ameneyu si mankhwala a zonse. Tsiku lotentha kwambiri mu November, mvula isanagwe, ukayenda mtunda wonse kuchokera kuno mpaka kwathu kufupi ndi Michesi, thonje limakhuta ndipo thukuta lina limatsika ndithu. Pamwamba pa mutu pamanyowanso, poti lamba safika kumeneko. Ndiye pofika pamthunzi vulani chipewa, mutu upume.

Mwana uja ndinamusokera malamba awiri, kuti wina akakhala pa chingwe wina akhale pa chipewa. Mayi ake amachapa lamba yekha madzulo, chipewa osachikhudza. Papita masabata asanu, mzere sunabwerere, ndipo m'mawa ndikamadutsa ndimamuona chili kumutu. Wachiwiriyo ndinasoka mokhota, moti atelala a pa msika atamuona anaseka n'kundiongolera ndi makina.

Amene mukufuna kuona, Lachisanu nthawi ya buleki ndidzakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa Fomu 2 ndi kapusi yanga, singano ndi rula. Nsalu yathonje bwerani nayo nokha. Ya ambulera yanditsalira yokwana anthu atatu, ndiye amene kwanu kuli ambulera yothyoka musataye, bwerani nayo.