Kodi Mphamvu Yokhululukira Machimo ndi ya Yani?

Mphamvu yokhululukira machimo ndi ya Mulungu yekha. Ku Kapernao, Yesu adakhululukira machimo munthu wofa ziwalo, kenaka adamchiritsa kuti anthu aone kuti mphamvuyi ali nayo (Marko 2:1-12). Atauka kwa akufa, adaipereka kwa Apostoli ake (Yohane 20:22-23).

Tsono mtsogoleri wadziko sangafafanize tchimo. Pulezidenti angathe kutulutsa mkaidi m'ndende, koma mlandu wamumtima umatsalabe pamaso pa Mulungu.

Komanso chikhululukiro cha Mulungu sichichotsa udindo wokonza zimene tidaononga. Zakeyo atatembenuka mtima adalonjeza kubweza kanayi zimene adalanda anthu (Luka 19:8). Choncho wakuba ndalama za chitukuko alape, abweze, ndiponso akayankhe kukhoti.

Funso lokambirana: Kodi m'mudzi mwathu timasiyanitsa kukhululuka ndi kubisa mlandu?