Python ikakana kugwira ntchito, musathamangire kugula mamega

Wachinyamata wa ku Nkholongue kapena mudzi wina uliwonse wa m'mbali mwa nyanja m'boma la Lago atha kuphunzira kulemba mapulogalamu ngakhale alibe kompyuta. Lamya ya Android yokhala ndi Pydroid 3 kapena Termux ndi yokwanira kuyambira Python, chinenero cha makompyuta chomwe Guido van Rossum adatulutsa m'chaka cha 1991.

Koma chomwe chimagwetsa mphwayi ongoyamba kumene ndi uthenga wakuti "ModuleNotFoundError: No module named". Ena akauona amafufuta Python yonse nkuyikokanso pa intaneti, ndalama ya usipa nkuthera m'mamega pachabe.

Module ndi pulogalamu yomwe ena adalemba kale, ndipo inu mumangoiitana ndi mawu akuti import. Tsono uthengawu ukungotanthauza kuti Python yafunafuna koma sidaipeze.

Choyamba, onetsetsani kalembedwe. Python imasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono, choncho Math ndi math nzosiyana.

Chachiwiri, ma module ena monga math ndi random amabwera ndi Python, pomwe ena monga requests amasungidwa m'nkhokwe ya pa intaneti yotchedwa PyPI. Kuti muwatenge lembani python -m pip install requests. Kulemba motere kumathandiza kuti module ilowe mu Python yomwe mukugwiritsa ntchitoyo, poti makina amodzi atha kukhala ndi ma Python awiri.

Chachitatu, dzina lokokera ndi dzina loitanira nthawi zina zimasiyana. Pillow imaitanidwa kuti PIL, ndipo beautifulsoup4 imaitanidwa kuti bs4.

Chenjeraninso ndi maina a mafayilo anu. Mukatcha fayilo yanu kuti random.py, Python idzatsegula yanuyo m'malo mwa random yeniyeni. Ingosinthani dzinalo basi. Mabuku akale nawo amasocheretsa, chifukwa Python 2 idasiya kukonzedwa m'chaka cha 2020 ndipo maina ena, monga urllib2, adachotsedwa mu Python 3.

Ngati netiweki ikuvuta kumudzi, lembani papepala ma module onse omwe mukufuna, mudzawakokere limodzi tsiku lomwe mwapita ku Metangula kapena ku Lichinga.

Uthenga wa vuto ukatuluka, werengani mzere wotsiriza modekha, ndipo mukalephera muonetseni mnzanu yemwe adayamba kale. Paja akuluakulu adati safunsa adadya phula.