Njira ya Mmisiri wa Magetsi

M'dera la Mfumu Yaikulu Lukwa ku Kasungu, mnyamata wotsiriza Fomu 4 kaŵirikaŵiri amaona njira ziŵiri zokha: kuloŵa m'munda wa fodya pambali pa atate ake, kapena kukaima pakhomo la ofesi ndi kalata m'manja. Komatu mizati ya magetsi imene ikudzalidwa m'misika ya kumidzi pansi pa ntchito ya MAREP yatsegula njira yachitatu. Chigayo, sitolo, chipatala ndi nyumba ya aphunzitsi, zonsezi zimafuna munthu woyala mawaya.

Ambiri amayamba ponyamulira chikwama mmisiri wa pamsika. Amagoba khoma, amaloŵetsa mawaya m'mapaipi, ndipo pakutha kwa chaka amadziŵa kulumikiza soketi. Luso lotere nlabwino ndithu, koma lili ndi malire. ESCOM siilumikiza nyumba imene mawaya ake sanatsimikizidwe ndi mmisiri wokhala ndi chilolezo, ndipo chilolezocho chimachokera ku bungwe la MERA, limene limafunsa mapepala a maphunziro. Motero wopanda pepala amakhetsa thukuta, wina nkudzasaina ndi kutenga gawo la ndalamazo.

Njira yolongosoka imadzera ku TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1999. Limalengeza malo, ndipo osankhidwa amatumizidwa ku makoleji a ntchito za manja monga a ku Lilongwe, Salima ndi Mzuzu. Setifiketi ya MSCE imafunika, ndipo aphunzitsi achenjeze ana kusadade kuti masamu ndi sayansi sizothaŵa, popeza kusankha kukula kwa waya ndi kuŵerengera mphamvu imene makina adzakoke ndi masamu okhaokha. Waya wochepa pa katundu wamkulu amatentha, ndipo denga limapsa eni ake ali m'tulo.

Maphunziro amayenda mosinthana: miyezi ina m'kalasi, miyezi ina pakampani pansi pa mmisiri wokhwima. Apa mpamene pagona vuto la mwana wa ku Kasungu, pakuti makampani ambiri ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo lendi ndi chakudya cha m'tauni zimadikira kuti mabelo agulitsidwe ku Chinkhoma. Makolo ofuna kutumiza mwana ayenera kupatula ndalamayo fodya akangogulitsidwa, ngongole ya feteleza isanaimeze.