Pinnacle, mudzi wa alimi a chamba amene ankafuna mtendere

Pinnacle unali mudzi woyamba wa Arasta pachilumba cha Jamaica. Anaukhazikitsa ndi Leonard Howell mu 1940 kumapiri a Sligoville m'dera la St Catherine, pa malo a maekala pafupifupi 500. Ambiri amene anasamukirako anali amphawi opanda minda, zidzukulu za akapolo amene anamasulidwa mu 1838 koma osapatsidwa polima.

Howell anabadwa mu 1898 ndipo anakhalako ku New York asanabwerere kwawo mu 1932. Atafika anayamba kulalikira kuti mfumu ya anthu akuda ndi Haile Selassie, amene analongedwa ufumu ku Ethiopia pa 2 Novembala 1930, osati mfumu ya ku Britain. Atsamunda anamuzenga mlandu woukira boma mu 1934 n'kumutsekera m'ndende zaka ziwiri. Kundendeko anatulukako ndi nzeru ina: m'malo molimbana ndi boma pamsewu, anthu ake apeze malo awoawo, adye za m'munda mwawo, asakapemphenso ganyu kwa eni minda ya nzimbe. Mtendere umene ankaufuna unali womwewo, woti munthu agone wokhuta popanda kapitawo womulondalonda.

Kuphiriko ankalima chinangwa, zilazi, chimanga ndi nyemba, ndipo ankawotcha makala okagulitsa kutauni. Mbewu imene inkabweretsa ndalama zenizeni inali chamba. Mbewuyi inafika ku Jamaica ndi amwenye amene ankabwera kudzagwira ntchito m'minda ya nzimbe kuyambira mu 1845, ndipo ngakhale dzina loti ganja linachokera ku India komweko. Boma linali litachiletsa kale mu 1913. Apa ndi pamene panali msampha: chamba chimene chinkadyetsa mudziwo ndi chomwe chinkapatsa apolisi chifukwa chokwerera phirilo.

Sikuti zonse zinali myaa. Howell ankalamula ndi dzanja lolimba, ndipo anthu a midzi yoyandikana ankadandaula za otsatira ake. Mu 1941 apolisi anathira nkhondo mudziwo, Howell n'kubwereranso kundende. Atatuluka anaumanganso, ndipo unakhalapo mpaka mu 1954 pamene apolisi anabwera mwamphamvu, kuwononga minda ya chamba ndi kumanga anthu ambiri. Otsala anabalalikira m'makomboni a mumzinda wa Kingston monga Back-o-Wall. Boma linkaganiza kuti lazimitsa moto, osadziwa kuti langomwaza makala.

M'makomboni amenewa munakhwima mwambo umene Arasta amaulemekeza mpaka lero. Amakhala mozungulira ngati pabwalo, kupemphera, kenako kupatsirana kaliwo, amene nthawi zambiri amapangidwa ndi chigoba cha kokonati, uku akukambirana za Baibulo, za ukapolo ndi za kwawo ku Africa. Aliyense amapatsidwa mpata wolankhula. Kwa iwo chamba ndi chopatulika, ngakhale madokotala amachenjeza kuti chimatha kusokoneza mutu, makamaka wa achinyamata amene ayamba kusuta adakali aang'ono.

Nkhanza zochitira Arasta zinafika pachimake mu Epulo 1963. Kutachitika chipolowe ku Coral Gardens pafupi ndi Montego Bay, chimene chinaphetsa anthu asanu ndi atatu, boma la Alexander Bustamante linatuma apolisi ndi asilikali kukasaka Arasta. Ambiri osalakwa anamenyedwa, kumetedwa tsitsi mokakamiza ndi kutsekeredwa. N'zogwira mtima kuti patangopita zaka 15, anthu omwewa ndi amene anayesa kuyanjanitsa dziko limene linkawazunza. Pa 22 Epulo 1978, zipani zikuphana m'makomboni, woimba wachirasta Bob Marley anaitana atsogoleri a zipanizo, Michael Manley ndi Edward Seaga, pansanja ku National Stadium n'kuwagwiranitsa manja pamaso pa khamu. Kuphanako sikunathe, ndipo chisankho cha 1980 chinakhetsa magazi ambiri.

Howell anamwalira mu 1981 lamulo lisanafewe. Mu 2015 nyumba ya malamulo ya Jamaica inavomereza kuti wopezeka ndi chamba chosaposa magalamu 56 azingolipira chindapusa, kuti nyumba iliyonse ingathe kudzala mitengo isanu, ndi kuti Arasta azichigwiritsa ntchito popembedza. Mu 2017 nduna yaikulu Andrew Holness inapepesa chifukwa cha zimene zinachitika ku Coral Gardens. Ku Malawi, kumene kulinso Arasta ambiri, lamulo la 2020 linalola ulimi wa chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, koma kusuta kunakhalabe mlandu.

Malo a Pinnacle sanabwerere kwa eni mbiri yake. Bwinja la nyumba ya Howell analiika m'gulu la malo otetezedwa a dziko, koma mbali yaikulu ya phirilo inapita kwa amalonda omanga nyumba zogulitsa, ndipo a banja la Howell ndi Arasta akhala akulimbana nazo kwa zaka zambiri.